Hadi Dirayivu ya Malemu

Namwino atafika ku situdiyo anapeza a Sajeni atamaliza kale kufufuza, kapena tinene kuti atamaliza kuyang'ana. Anali atakhala pa mpando wozungulira, miyendo atatambalala, akukanda chibwano ndi chivindikiro cha cholembera.

"Amayi, pepani," anatero wapolisiyo osadzuka n'komwe. "Awa ndi anyamata a mumsewu awa. Aswa zenera lakumbuyo, atola chimene dzanja lafikira, athawa. Timawadziwa ife. Tiwapeza."

Chimene dzanja linafikiracho chinali kabokosi kakuda kokwana m'thumba la malaya, hadi dirayivu, kamene amakalumikiza ku kompyuta ndi kachingwe akafuna kusunga mafayilo. M'kabokosimo, monga aliyense ankaganizira, munali nyimbo zonse zimene mwamuna wa Namwino anajambula chaka chake chomaliza, matenda atamugwira kale, akuimba chokhala chifukwa miyendo inali itakana. Chimbale cha nyimbozo chinali chisanatuluke pamene mwiniwake anatsikira kuli chete. Namwino anali asanamveko nyimbozo ngakhale imodzi. Ankadikira tsiku limene mtima udzalimbe, ndipo ana anawauza kuti nawonso adikire.

Anayendetsa maso m'chipindamo, makoma ake omata masiponji otuwa, fungo lake la fumbi ndi zingwe zotentha.

"A Sajeni, anyamata anuwo ndi aulemu bwanji," anatero. "Asiya maikolofoni. Asiya kompyuta yeniyeniyo. Koma apeza nthawi yokhala pampando mwakhalapo inupo, kufufuta nyimbo za amuna anga zimene zinali m'kompyutamo, kukhuthula ndi bini ya zofufutidwa yomwe. Ndi mbava zanji zimene zimasesa m'nyumba zisanatuluke?"

"Za makompyutazo ine ayi," anayankha a Sajeni akudzuka mwaulesi. "Ine ndimadziwa zenera. Anthu onse olowa muno ndawafunsa. Mwini malo anali kutsidya kwa tawuni. Alamu anu, ang'ono a malemu, anali kokonzekera zoimba ndi bandi yawo, anzawo avomereza. Mukamva kanthu mundiimbire."

Anamusiyira nambala, n'kutuluka akuponda magalasi oswekawo.

* * *

Mwini situdiyo ankatchedwa Makutu chifukwa mahedifoni sankachoka kumutu kwake, moti ena ankati amasamba nawo. Ndiye amene anamuimbira Namwino dzulo lake madzulo kumuuza za zenera ndi za nyimbo zofufutidwa. Tsopano anali ataima pakona ngati mwana amene waswa mbale ya alendo.

"Mwagulitsa kwa ndani?" anafunsa Namwino chitseko chitangotsekeka.

"Amayi!"

"Musandiitane amayi, sindinakubaleni. Kiyi ndi wanu, kompyuta ndi yanu, hadi ndi yanu. Ndiuzeni amene mwamugulitsa mawu a amuna anga, ndikamuone nkhope yake."

Makutu anavula mahedifoni n'kuwaika patebulo. Aka kanali koyamba Namwino kuona makutu akewo, ndipo anali aang'ono, a munthu wamba.

"Mundimvere kaye mmene ndimagwirira ntchito, kenako mundipachike," anatero pang'onopang'ono. "Kompyuta inadzaza. Dzulo m'mawa ndinalumikiza hadi yatsopano n'kuyamba kukopera foda ya malemu. Kukopera, osati kusamutsa. Ukasamutsa, kuno zimachoka pamene uko zikulowa, ndiye pakachitika kanthu pakati umasowa pogwira. Ine ndimakopera kuti zikhale mbali ziwiri. Zikatha ndimatsegula za mu hadi, kumvetsera nyimbo iliyonse mpaka kumapeto, n'kukagona kaye. Kufufuta ndi kwa mawa lake. Chiyambire ntchito ino sindinafufutepo kanthu tsiku lomwelo."

"Ndiye munachokeranji?"

"Nyimbo zosasakaniza n'zolemera. Ng'oma pazokha, gitala payokha, mawu paokha. Kompyuta inaonetsa kuti imaliza madzulo. Ndikanakhala pano tsiku lonse kuyang'anira kamzere kobiriwira kakukwawa? Ndinakhoma chitseko n'kupita kukakonzetsa kiyibodi. Pobwera ndinapeza zimene mukuonazi."

"Pasiwedi ya kompyutayi amaidziwa ndani?"

"Siinafunike. Ndinaisiya yoyaka, ili pa ntchito. Aliyense wolowera pazenera akanangogwira mausi basi."

"Zofufutidwazo sizingabwerere?"

"Ndayesa njira zonse zimene ndimadziwa. Makompyuta a mtundu uwu akakhuthula bini amapukuta ndi pakamwa pomwe. Chiyembekezo chathu ndi hadi ija. Ikapezeka, zonse zili momwemo."

Zaka zambiri za m'chipatala zinamuphunzitsa Namwino kuzindikira wabodza, kaya ndi wodwala wonena kuti mankhwala anamwa, kaya ndi mwamuna wonena kuti mkazi wake anagwa yekha pamasitepe. Munthu uyu sankanama, ndipo zimenezo zinangowonjezera kumupsetsa mtima. Anabwera ndi mkwiyo wakupsa kale koma mbale yopakulira inasowa.

Apo n'kuti wina akumenya khoma kuchokera mbali inayo.

"Makutu! Apolisi aja apita? Nanga ine sandifunsa bwanji? Kapena ndine mpando?"

* * *

Khomalo linali logawana ndi saluni, ndipo mayi wa saluniyo anali munthu woti ukamufunsa nthawi amakuuza ndi kumene anagula wotchi.

"Anesi, lowani, sunthani matawulowo mukhale," anatero, zala zikuluka tsitsi la kasitomala osayang'anapo. "Pepani ndi zimene zachitikazi. Malemu anali munthu, akamadutsa apa ankandiimbira moni. Koma dzulo linali tsiku la tsoka kuyambira masana. Ndili ndi mkazi wa bwana winawake, mutu uli m'makina owumitsira, magetsi n'kuthima! Mayi uja kulalata ngati magetsiwo ndimaphika ndine kuseri kwa nyumba. Ndinachita kumukupiza ndi katoni, anthu inu."

"Magetsi anathima dzulo?"

"Msewu wonse uno, dzuwa lili paliwombo. Sanachedwe kwenikweni, anabweranso. Ndiye patapita nthawi ndinamva kompyuta ya Makutu ikulira. Paja mnyamatayu sazimitsa zimasipika zakezo. Akayatsa kompyuta m'mawa kamalira kanyimbo kake kaja, khoma lonse kunjenjemera, mabotolo anga a mafuta kuvina pashelefu. Ndadandaula mpaka ndatopa. Dzulo kanalira kawiri, m'mawa ndi masana. Ndinati, ohoo, Makutu wabwerera."

"Munamuona?"

"Maso anga anali m'tsitsi la anthu, anesi. Ine ndimaona ndi khoma."

"Nanga galasi linasweka nthawi yanji?"

"Pambuyo pake. Ndinangotsuka mutu umodzi, ndikupukuta, ndiye phwaa! Ndinayesa wagwetsa kapu, paja manja ake ndi a sopo."

Namwino anasendera kutsogolo pampando.

"Muganize bwino, asisi. Kanyimbo kaye, galasi pambuyo?"

"Ine ndingaiwale tsiku lobadwa la amuna anga, koma za khoma ili ayi. Kanyimbo, kutsuka mutu, galasi."

Namwino anaimirira osatsanzika. Munthu sangayatse kompyuta asanalowe m'nyumba. Amene anayatsa anali kale m'kati zenera lili lamphumphu, ndiye kuti analowera pakhomo, ndi kiyi, ndipo zeneralo analiswa potuluka kuti a Sajeni apeze choyang'ana.

* * *

Makutu atamva za magetsi anagwira tebulo ndi manja onse awiri. Kutsidya kumene anali sanathime, ndipo palibe anamuuza.

"Ayi," anatero. "Ayi, ayi, ayi."

"Lankhulani, bambo."

"Batire lothandizira linafa kalekale, ndimangoti ndigula. Magetsi akathima, kompyuta iyi imazima nthawi yomweyo. Ikayakanso imafuna pasiwedi."

"Amaidziwa ndani?"

"Ine. Malemu," anatero Makutu. "Ndi alamu anu. Miyezi yomalizira malemu akafuna kujambula ine kulibe, ang'ono awo ndi amene ankawakhalira pa kompyuta."

Mlamuyo anthu ankamutchula kuti Wachiwiri, chifukwa moyo wake wonse ankaima kumbuyo kwa mkulu wake pa siteji, kuyankhira. Akamuitana choncho ankaseka ndi mano okha. Pamaliro analira kuposa aliyense, mpaka Namwino anamumvera chisoni n'kumupatsa gitala ya malemu ndi chikwama chake chomwe. M'kathumba ka chikwamacho ndi mmene malemu ankasunga kiyi wa situdiyo, ndipo Namwino anakumbukira zimenezo tsopano, mochedwa.

Mkwiyo uja unapeza mwini wake. Namwino anatenga chikwama chake cha m'manja kuti azipita, koma Makutu anali asanamalize.

"Amayi, si pasiwedi yokha. Magetsi akathima kukopera kumaima, ndipo sikuyambiranso kokha."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Ndinayamba chakum'mawa, kumayenera kutha madzulo. Masana kunali kusanafike ndi pakati pomwe. Foda imaoneka mu hadi kuyambira pachiyambi, dzina lake bwinobwino, ngakhale m'kati muli zochepa. Munthu wothamanga angatsegule, aone nyimbo zoyambirira, aziti zonse zalowa. Mwanena kuti mayi wa saluni anangotsuka mutu umodzi galasi lisanasweke? Nthawi imeneyo siyokwana kukoperanso. Ndi yokwana kufufuta basi."

Namwino anakhala pansi. Kwa kanthawi sanamve kanthu, ngakhale mawu a mayi wa saluni amene ankadutsa khoma. Kenako chisoni chinabwera, chachikulu kuposa cha tsiku la maliro, chifukwa tsiku lija ankadziwa kuti kwinakwake mawu a mwamuna wake alipo, akumudikira.

"Iyeyo akudziwa?" anafunsa.

"Ngati sanamvetsere zonse, sakudziwa. Mwina waibisa kuti nkhani izizire kaye."

"Ndiye ndikamuuza ndekha," anatero Namwino. "Ndikufuna ndikhalepo akamamva."

Ali panjira anaimbira a Sajeni kuwauza msewu ndi nyumba. Wapolisiyo anayamba kufotokoza za anzake a bandi amene anavomereza zija.

"Anzake a bandi angalumbire kuti anali naye kumwezi," anatero Namwino. "Bwerani muime pakona. Ndikukuitanirani nyimbo."

* * *

Wachiwiri anatsegula chitseko atavala malaya akuda, nkhope ataikonza kale.

"Alamu, lowani. Ndamva, ndamva. Dziko laipa, alamu, anthu saopanso Mulungu. Ine nthawi imeneyo ndinali ku bandi, tsiku lonse, funsani aliyense. Ndikanakhala pafupi bwenzi nditathamangirako."

Namwino anali asanamufunse n'komwe kumene anali. Namwino anakhala pa sofa, chikwama pamiyendo. Pakona panali gitala ya malemu, yopukutidwa bwino. Patebulo panali laputopu ya mkazi wa Wachiwiri, amene anali asanaweruke kuntchito.

"Ndabwera kudzalira ndi inu, alamu," anatero Namwino modekha. "Ndani wina angamvetse? Munaimba nawo nyimbo zonsezo."

"Zipezeka, musataye mtima. Wakubayo akafuna kugulitsa, agwidwa."

"Agulitsa chiyani? Watenga makoko."

Wachiwiri anaphethira. "Makoko bwanji?"

Namwino anafotokoza zonse mwachifatse, ngati akuuza wachibale wa wodwala zotsatira za magazi. Magetsi amene anathima masana. Kukopera kumene kunaima n'kusayambiranso. Foda yooneka yodzaza pamene m'kati muli zochepa. Polankhula sankayang'ana maso a mlamu wake, ankayang'ana mtsempha wa pakhosi, ndipo mtsemphawo unayamba kudumpha ngati wa munthu wa malungo.

"Wakubayo akanangotenga hadi n'kuthawa, bwenzi nyimbo zonse zili mu kompyuta," anamaliza motero. "Koma anafuna kuti akhale nazo yekha. Ndiye wafufuta chimbale chonse ndi chala chake, n'kunyamula nyenyeswa."

"Makutu akhoza kulakwitsa," anatero Wachiwiri. "Makinawa nthawi zina amafulumira. Mwina zinali zitamaliza."

"Mwina. Amene ali ndi hadiyo ndiye angadziwe."

Namwino anadzuka, n'kukana kuperekezedwa. Atatuluka pageti anakodola a Sajeni amene anali ataima pakona akudya chingamu, ndipo awiriwo anabwerera mwakachetechete, kudutsa pansi pa zovala zoyanika, mpaka pazenera la chipinda chogona. Katani inali yotseka koma zenera linali lotsegula pang'ono.

Sanadikire nthawi yaitali. Anamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi, zipi ikung'ambika, laputopu ikuyaka. Kenako zii.

Kenako gitala. Kenako munthu anatsokomola, chifuwa chija Namwino ankachidziwa kuposa chake chomwe, n'kunena moseka kuti, "Pepa Makutu, tiyambirenso." Ndipo mwamuna wake anayamba kuimba.

Namwino anatsamira khoma. Mawuwo anali ochepa mphamvu kusiyana ndi kale koma anali ake, ndi kakusasa kaja ka pamapeto pa mzere. A Sajeni anasuntha kuti azipita kukhomo, koma Namwino anawagwira mkono mpaka zikhadabo kulowa.

"Dikirani," ananong'ona. "Asanathe."

Koma wa m'katiyo sankamvetsera nyimbo, ankawerenga zimene wapulumutsa. Anaidula pakati n'kudumphira ina. Inayo anaidulanso. Namwino anakukuta mano, chifukwa ngakhale zochepa zimenezi munthuyo ankamulandabe. Nyimbo yotsatira inayamba mwakachetechete, gitala yokha ndi mawu.

"Ukadzamva chitseko chikulira, mkazi wanga, usadzuke, ndi mphepo cha..."

Inathera pomwepo, pakati pa liwu. M'chipindamo munamveka kudina, kudinanso, kudina kofulumira ngati nkhuku ikujompha mbale yopanda kanthu. Kenako Wachiwiri anabuma, ndipo ulendo uno kulira kwake kunali kwenikweni.

* * *

Anamupeza atakhala pansi, msana atatsamira bedi, kabokosi kakuda kali pa bulangeti ndi kanyali kake kakuphethira. Ataona yunifolomu ya a Sajeni sanayese n'komwe kuthawa. Anakwawa n'kugwira mapazi a Namwino.

"Alamu, sindinafune kuziwononga. Mulungu akudziwa."

"Munkafuna chiyani?"

"Theka la nyimbozo tinapeka limodzi! Mizere ina ndi yanga, mayimbidwe ena ndi anga. Munamvapo dzina langa pa wailesi? Ndakalamba ndili Wachiwiri. Ndimafuna ndichotse mawu awo, ndiikepo anga, anthu andimveko kamodzi kokha. Iwo anali atatchuka kale, akanataya chiyani?"

"Ndiye munati muwachotse m'nyimbo zawo ngati munthu wochotsa chithunzi pakhoma."

"Ndinaona foda ilimo, ndinatsegula, nyimbo zinalimo. Ndikanadziwa bwanji za magetsi?"

"Makutu amamvetsera mpaka kumapeto, n'kukagona kaye," anatero Namwino. "Inu munathamanga chifukwa zinali zakuba."

Wachiwiri anapukuta mamina ndi mkono wa malaya akudawo. Mwadzidzidzi maso ake anawala ngati a munthu womira amene wakhudza chingwe.

"Koma sizinatayike, alamu! Zonse zili m'mutu muno. Ndinayankhira nyimbo iliyonse, ndikudziwa liwu lililonse, pamene ankapumira pomwe. Palibenso wina padziko amene akuzidziwa. Ndiziimba zonse, Makutu ajambule, zituluke pa dzina la akulu anga, langa lisaonekepo. Musandipereke. Mukandipereka zipita nane."

A Sajeni anatsokomola n'kuyang'ana kudenga.

"Amayi, izi zayamba kuoneka za pabanja," anatero. "Mukafuna kukambirana, ine nditha kudikira panja. Hadi yapezeka, nkhani itha kuthera pano."

Namwino anayang'ana mlamu wake pansipo. Munthuyo ankanena zoona, ndipo iye ankadziwa. Makutu ankamvetsera mamvekedwe, osati mawu, ndipo malemu sankalemba nyimbo zake papepala. Zimene mwamuna wake anafuna kumuuza m'chaka chomaliza chija zinatsala m'mutu mmodzi wokha, mutu umene unali pa mapazi ake. Anaganiza za nyimbo zonse zimene sanazimve, ndipo mtima unamuwawa.

"Imbani," anatero. "Ija yadukayi. Yambirani pamene yathera."

Wachiwiri anagwada mowongoka, n'kukonza pakhosi, n'kuimba. Anaimba kuti ndi mphepo chabe, kuti iye sadzabweranso kudzagogoda, kuti mkaziyo agone, chitseko akhome, ana afunde. Anaimba bwino. Mawu ake anali ofanana ndi a mkulu wake, a m'mimba imodzi, moti munthu wodutsa pamsewu sakanasiyanitsa. A Sajeni anasiya kutafuna chingamu.

Namwino anamvetsera mpaka liwu lomaliza, misozi ikutsikira m'khosi osaipukuta. Iye anasiyanitsa. Mzere uliwonse unkamukumbutsa amene akusowapo, ndipo anaona mmene zikanakhalira: chimbale pashelefu, dzina la mwamuna wake pachikuto, m'kati muli mawu a munthu uyu, akuimba patsogolo monga ankafunira.

"Basi," anatero. "Ndamva mmene imathera."

"Ndiye tigwirizana, alamu? Mawa lomwe nditha kuyamba."

Namwino anachotsa phazi lake m'manja mwa mlamu wakeyo.

"A Sajeni, mutengeni. Kuswa zenera, kuba, ndi kuwononga. Ndibwera kudzasaina ndekha, ndipo kukhoti ndidzakhala pa benchi yakutsogolo."

"Alamu! Nanga nyimbo zinazo?"

"Mukaimbire makoma. Ana anga sadzamva bambo awo kuchokera m'kamwa mwa munthu amene anawafufuta."

A Sajeni anamudzutsa n'kumutulutsa akuitanabe alamu, alamu, mpaka mawu ake anathera kugeti. Namwino anatseka chitseko cha chipindacho, anakhala pamphepete pa bedi, n'kukokera laputopu pafupi. Anabwerera pa nyimbo yoyamba ija, n'kuisiya kuti iimbe yonse.